"Anagwa" Si Yankho Lokwanira: Tiziyang'ana M'kamwa mwa Ana

Pali liu limodzi limene lapulumutsa akuluakulu ambiri ku milandu, koma lasiya ana ambiri m'masautso muno mu Kafue. Liulo ndi lakuti "anagwa." Mwana wafika ku sukulu mlomo uli ngati walumidwa ndi njuci, akuti anagwa. Dzino lakutsogolo lathyoka pakati, anagwa. Khanda la miyezi itatu, limene silinayambe n'kukhala komwe, likutuluka magazi m'kamwa, nalonso akuti linagwa. Ife omva timangoti pepani, ana ndi otero, basi n'kupitiriza ulendo wathu. Pempho langa kwa inu akhristu anzanga, alimi, asodzi a ku Chanyanya, aphunzitsi ndi amai a pamsika ndi lakuti liu limeneli tisamalimeze msanga tisanaone ngati likugwirizana ndi bala limene tikuliona.

Sindikukana kuti ana amagwa. Ndalera ana, ndipo tsopano ndikuona adzukulu akugwa tsiku ndi tsiku. Koma kugwa kuli ndi malo ake. Mwana wothamanga amapweteka pamphumi, pamphuno, pacibwano, m'zigongono ndi m'maondo, malo amene fupa lili pafupi ndi khungu ndipo ndiwo amayamba kufika pansi. Kawirikawiri bala limakhala limodzi, la tsiku limodzi, ndipo aliyense amene mumufunsa pakhomopo amakamba nkhani imodzimodzi. Mwana wa zaka ziwiri akhoza kumenyetsa pakamwa pa sitepu kapena pa mpando n'kuthyola dzino, zimenezo zimacitika. Cimene ciyenera kutiimitsa ndi pamene bala lili pamalo ofewa, monga patsaya, kukhutu, pakhosi kapena m'zikope. Pamene pali mabala atsopano ndi akale pamodzi. Pamene amai akunena zina, atate zina, mwana zinanso. Ndiponso pamene mwana wavulala Lolemba koma ku kiliniki akumutengera Lacisanu.

Madokotala anayamba kale kulemba za zimenezi. M'caka ca 1962 dokotala wa ana wa ku Denver ku America, Henry Kempe, pamodzi ndi anzake anafalitsa lipoti limene linatsegula maso a acipatala kuti ana ambiri obwera ndi mafupa othyoka sanacite ngozi ai, anamenyedwa ndi owalera. Bungwe la madokotala a ana la m'dziko lomwelo, American Academy of Pediatrics, mu lipoti lake la 2017 linabwerezanso kuti mwa ana omenyedwa, oposa theka amapezeka ndi mabala kumutu, kumaso kapena m'khosi, ndiponso kuti pa mabala a pakamwa, milomo ndiyo imavulala kopambana.

Zimenezi siziyenera kutidabwitsa ife amene tikudziwa m'mene mkwiyo umayendera panyumba. Munthu wamkulu akapsa mtima ndi mwana, dzanja limathamangira pamene pacokera colakwaco. Pakamwa ndi pamene pakulira usiku wonse iye atabwera wotopa kucokera kumunda. Pakamwa ndi pamene pakukana phala, pamene payankha mwano, pamene panyambita shuga, pamene padya ndiwo zosungira madzulo. Ndi pamenenso paulula kwa aneba zimene zinacitika m'nyumba usiku. Mabala a pamsana amabisika ndi malaya, ndipo amene amamenya amadziwa zimenezo, koma pakamwa mwana amayenda napo poyera, kusukulu, kuchalichi ndi kumjigo. Kungoti ife sitinazolowere kuyang'anapo.

Kwezani mlomo wanu wam'mwamba ndi cala, muyang'ane pagalasi. Muona kanyama kopyapyala kamene kamalumikiza mlomo ndi nkhama, pamwamba pa mano awiri akutsogolo. Kena kali kumlomo wam'munsi, kena pansi pa lilime. Kanyama kameneka kamang'ambika mwana akamenyedwa pakamwa, kapena wina akamukankhira supuni, botolo kapena kapu mwamphamvu. Kwa mwana amene akuphunzira kuyenda, kung'ambika kwake pakokha si umboni wa nkhanza, popeza akhoza kugwa cafufumimba. Koma khanda limene silinayambe kukwawa silingadzivulaze lokha motero. Mu 2021 gulu la madokotala lotsogoleredwa ndi Mary Clyde Pierce wa ku Chicago linafalitsa zimene linapeza litapima ana oposa 2,000 osakwana zaka zinai. Iwo anaonetsa kuti pa msinkhu umenewu, mikwingwirima ya pacifuwa, pamimba, pamsana, kukhutu, m'khosi, patsaya, pangodya ya nsagwada, m'zikope, kung'ambika kwa kanyama kaja ndi magazi m'diso ndi zizindikiro zofunika kufufuzidwa, ndipo kwa khanda losakwana miyezi isanu mkwingwirima uliwonse, pena paliponse, ndi wokayikitsa. Simufunika digiri kuti mukumbukire zimenezi.

Pano ndiyenera kukamba ndi amai ndi ambuye athu mwaulemu. Kadyetsedwe kaja kogoneka mwana pamiyendo, kumutseka mphuno kuti atsegule kukamwa ndi kumuthira phala iye akulira, ambiri amakacita cifukwa ca cikondi, poopa kuti mwana angaonde. Koma phala lothiridwa mwana akulira likhoza kulowa m'mapapo m'malo mopita m'mimba, ndipo supuni yokankhidwa ndi mtima wotopa imang'amba mlomo ndi nkhama. Mwana amene akukana cakudya masiku angapo akudwala, kapena m'kamwa mwake muli zilonda zimene simunazione. Ameneyo afunika sikelo, osati mphamvu.

Tonse tamvapo pa wailesi nkhani za ana otenthedwa manja pa mbaula cifukwa ca kuba ndiwo kapena ndalama. Zimene sizimveka kwambiri ndi za ana otenthedwa milomo ndi lilime ndi supuni yamoto kapena phala lowira, ndi ena opakidwa mpilipili m'kamwa kuti aleke bodza. Bala la moto la ngozi limakhala lomwazikana, lopanda dongosolo. La dala nthawi zambiri limatenga maonekedwe a cinthu cimene cinasewenzetsedwa. Zipsera za m'ngodya zonse ziwiri za pakamwa zikhoza kusiyidwa ndi nsalu imene mwana anamangidwa nayo kuti asalire, ngakhale kuti zilonda za pamalo omwewo zimabweranso ndi kusowa kwa zakudya m'thupi, ndipo kusiyanitsa kwake ndi nchito ya acipatala. Dzino limodzi lakutsogolo likasanduka lotuwa pamene anzake ali oyera, ndiye kuti linagundidwa kale ndipo mtsempha wake unavulala; funsani kuti linagundidwa liti, ndi ciani. Za kulumidwa, ana amalumana posewera, zoona. Koma kamwa la mwana ndi laling'ono. Ngati pakati pa zipsera za mano awiri osongoka pali mpata woposa masentimita 3, madokotala amaganizira munthu wamkulu. Galu akaluma amang'amba mnofu, pamene munthu amafinya n'kusiya mizere iwiri yopindika yoyang'anizana. Mukaona cotere, jambulani ndi foni tsiku lomwelo mutaika rula pambali, cifukwa zipserazo zimazimirira msanga.

Pali nkhani ina yovuta kuichula pa pepala limene limawerengedwa ndi banja lonse, koma kuibisa n'kuthandiza ocita zoipawo. Ana ena ogwiriridwa amacitidwa zonyansazo kukamwa. Nthawi zambiri sipatsala cizindikiro cooneka, n'cifukwa cake mau a mwana ayenera kumvedwa ngakhale m'kamwa muli bwinobwino. Koma acipatala akapeza cinzonono kukhosi kwa mwana wosatha msinkhu, kapena cindoko cimene sanabadwe naco, kapena timadontho ta magazi kumwamba kwa m'kamwa ca kumbuyo popanda cifukwa comveka, amadziwa kuti pali cofufuza. Tisaganize kuti zimenezi ndi za ku maiko a azungu. Kafukufuku wa boma wa 2014 wokhudza nkhanza kwa ana m'Zambia anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa khumi anacitidwapo nkhanza za kugonana asanakwanitse zaka 18, ndipo pa za kumenyedwa anali mtsikana mmodzi mwa atatu ndi anyamata awiri mwa asanu. Mwana wogwiriridwa ayenera kufika kucipatala maola 72 asanathe, cifukwa mankhwala omuchinjiriza ku HIV amagwira nchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. Masiku atatu amenewo ndi omwe ife timathera pa kuitana amalume ndi ankhoswe.

Tsopano ndibwere ku nkhanza imene ilibe nkhonya, ya kulekerera. Imeneyi ndi imene ndimakumana nayo kwambiri pa nchito yanga yophunzitsa katekisimu. Caka cina m'kalasi la okonzekera kulandira Ukaristiya woyamba munali kamtsikana kamene sikanali kuimba, ndipo kakafunsidwa funso kanali kuyankha dzanja lili pakamwa. Anzake anali kukasala cifukwa ca fungo. Amai ena a mu mphakati atakatengera pambali anapeza kuti mano anai akumapeto anali atabooka mpaka m'nkhama, ndipo panali cithupsa cotuluka mafinya. Kanali kamasiye, kokhala kwa acibale. Tinamva kuti a ku kiliniki anali atauza owalerawo kawiri konse kuti apite nako kwa a mano, ndipo pakhomopo ndalama ya minibasi siinali vuto. Ana obadwa m'nyumbamo anali ndi mswaci aliyense wake.

Ndiyenera kusamala pano, cifukwa dzino lobooka pa lokha si mlandu. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti ana oposa 500 miliyoni pa dziko lonse ali ndi mano oyamba obooka, ndipo makolo a ana onsewo sangakhale ankhanza. Kuno kwathu nzimbe zili paliponse, maswiti ndi zakumwa zotsekemera zili pa kantemba iliyonse, ndipo amai ambiri sadziwa kuti kugoneka mwana ndi botolo la tiyi wa shuga kumaononga mano akutsogolo onse. Umphawinso ulipo. Kucokera pamene mafakitale a m'tauni muno anacepetsa anchito, mabanja ambiri a mu Zambia Compound ndi Shikoswe akhala akudya za lero lomwe, ndipo alimi sanaiwale cilala ca 2024. Mai amene walephera kupita ndi mwana kwa a mano cifukwa alibe ya basi sayenera kunenedwa ku polisi, ayenera kuthandizidwa, ndipo thumba la mphakati lilipo cifukwa ca zotere. Madokotala eni ake amati kulekerera kumayamba pamene kholo lauzidwa vuto, njira yopezera thandizo ilipo, koma ilo silikucitapo kanthu. Bambo amene ali ndi ndalama ya mowa ndi yobechera mpira pa foni, pamene mwana wake wakhala miyezi itatu akutafunira mbali imodzi ndi kulira usiku, ameneyo asatiuze za umphawi.

Ambiri timadzitonthoza ndi mau akuti ndi mano aubwana, adzaguluka okha n'kumera ena. Mano oyamba alipo 20, ndipo akumapeto sacoka mpaka mwana atafika zaka 10 kapena 12. Kodi mwana wa zaka zinai apirire kuwawa zaka zisanu ndi cimodzi? Cinanso cimene makolo ambiri sadziwa ndi cakuti pa zaka ngati 6 kumbuyo kwa mano oyamba kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kuguluka. Limenelo ndi la moyo wonse, likabooka n'kucotsedwa palibe lina lidzamera. Cithupsa ca dzino cikalekereredwa cimatupitsa nkhope, ndipo cikhoza kutsikira kukhosi mwana n'kulephera kupuma. Palinso matenda ochedwa noma, amene amagwira makamaka ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi cimodzi operewera zakudya: amayamba ngati zilonda za m'nkhama zonunkha ndi zotuluka magazi, ndipo m'masiku owerengeka amadya tsaya ndi mlomo. Akapezeka koyambirira amacizika ndi mankhwala a kucipatala, akacedwa ana ambiri amafa. Mu Disembala 2023 World Health Organization inaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa. Inu amene mumapita kumunda wakutali kapena kumsasa wa nsomba kwa milungu, n'kusiya ana m'manja mwa mkulu wao wa zaka khumi, nkhama zotuluka magazi mwa mwana woonda si za kudikira mpaka mutabwerako.

Ndikudziwa zimene ena akunena powerenga: kodi mwana asalangidwe? Ife tinakula ndi cikwapu ndipo tinakhala anthu. Ena amathamangira ku buku la Miyambo kumene kukuchulidwa ndodo. Ine Baibulo ndinayamba kuliwerenga mwakhama ndili mnyamata ku seminale yaing'ono, ndipo mpaka lero sindinapezemo vesi lololeza kuthyola dzino la mwana kapena kumutentha lilime. Cimene ndinapeza ndi Paulo Woyera akucenjeza atate, m'kalata yake kwa Aefeso, za kukwiyitsa ana ao. M'mera mpoyamba, inde, koma amene amaongola kamtengo sakathyola. Dziko nalonso linagamula kale. Mu 1999 bwalo la High Court, pa mlandu wa John Banda, linati cilango ca zikwapu ndi cosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwapula ana m'sukulu. Mu 2022 kunabwera Children's Code Act, imene inaletsa cilango comenya mwana ngakhale panyumba. Ndipo kucokera mu 2005, womenya mwana mpaka kumuvulaza akhoza kumangidwa zaka zisanu mpaka khumi, pamene wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 cilango cake cimayambira pa zaka 15. Mukhoza kutsutsana ndi malamulowa pa bwalo la nsolo, koma woweruza adzawerenga zimene zinalembedwa.

Cimene cimandiwawa koposa ndi zimene timacita ife anthu abwino tikadziwa. Timati tikambirane pacibale. Amalume abwera, ankhoswe abwera, nthawi zina ndi atsogoleri a mphakati, wolakwa apepesa, apereka mbuzi kapena ndalama, tipemphera, nkhani yatha. Mbuzi adya akuluakulu. Mwana abwerera m'nyumba yomweyo, kwa munthu yemweyo, ataphunzira cinthu cimodzi cabe, cakuti kuulula sikuthandiza. Ife Akatolika sitiyenera kuphunzitsidwa kawiri za kuipa kwa kubisa, cifukwa Mpingo wathu unalipira mtengo wowawa m'maiko ambiri pa nkhani yomweyi, mpaka mu 2019 malemu Papa Francis anaika lamulo lokakamiza ansembe ndi asisitere kunena nkhanza zocitikira ana mu Mpingo. Ngati lamulo ndi lotero kwa ansembe, nanga mphakati ndi ndani kuti usanduke khoti? Kukhululuka ndi nkhani ya mzimu wa wolakwa, ndipo khomo la kulapa ndi lotsegula kwa iye. Koma kulapa sikucotsa udindo woteteza mwana amene agonanso m'nyumbamo usiku uno.

Ena amaopa kunamizira munthu wosalakwa, ndipo mantha amenewo ndi oyenera. Koma kupita ndi mwana ku kiliniki si kuweruza. Alipo matenda a magazi amene amabweretsa mikwingwirima ndi kutuluka magazi m'nkhama popanda womenya, ndipo ngati ndi amenewo, mwapulumutsabe mwana powapeza msanga. Inu nchito yanu ndi yocepa. Mufunseni mwana ali yekha, mofatsa, kuti cinacitika n'ciani apa, ndipo mumusiye akambe yekha. Musamuike dzina la munthu m'kamwa, musamufunse kambirimbiri, musamulonjeze kuti simudzauza aliyense. Musapite kukalalatira woganiziridwayo, cifukwa mukacoka mkwiyo wake udzagwera mwana. Pitani naye ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala cacikulu ca Kafue, ndipo nkhaniyo ikafike ku Victim Support Unit ku polisi, kumene amapereka pepala loti adokotala alembepo mabala amene apeza. A Social Welfare ku boma ali ndi mphamvu yocotsa mwana pamalo oopsa. Ngati muli kutali kapena mukuopa kudziwika, imbani 116, nambala yaulere ya Childline. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa maukwati ndi pamaliro. Tiyeni titeronso pamene mneba wathu ndi munthu waukali.

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndili ndi pempho limene silifuna ndalama zambiri. Mwezi uliwonse amai amabwera ndi ana ku sikelo, ndipo kawiri pa caka kumakhala sabata la umoyo wa ana. Anamwino amapima kulemera, amapereka katemera, amalemba pa khadi. Bwanji osaonjezerapo kukweza mlomo wa mwana ndi kusuzumira m'kamwa? Ndi nchito yosakwana mphindi imodzi. Sukulu ya za mano ya ku Lusaka yakhala ikutulutsa akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo kucokera mu 2011 Copperbelt University ku Ndola ikuphunzitsa madokotala a mano. Makhonsolo a maparishi ndi a mipingo ina akhoza kupempha mmodzi wa iwo kuti abwere Loweruka lina adzaphunzitse akatekisiti, aphunzitsi a Sande sukulu ndi amai a m'mabungwe zimene ndalemba panozi, ndi zithunzi, kuti tione ndi maso kusiyana kwa bala la kugwa ndi la kumenyedwa.

Pomwe tikudikira zimenezo, dziwani ici, kaya dzino lacoka ndi ngozi kaya ndi cibakera. Ngati ndi dzino lacikhalire la mwana wamkulupo ndipo lazuka lonse ndi muzu wake, likhoza kubwezeredwa. Ligwireni kumutu kwake, osati kumuzu, musalipale kapena kulikulunga m'pepala, liikeni m'kapu ya mkaka ndi kuthamangira kwa a mano ola limodzi lisanathe. Dzino loyamba la mwana wamng'ono lisabwezeredwe, cifukwa lingaononge limene likudza pansi pake, koma mwanayo apitebe ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo amene wamuperekeza akanene zimene waona ndi maso ake, osati zimene wauzidwa kuti akanene.